Mpeni Wopanda Nsonga

Lalanje linagwera m'beseni lili lofiira mbali imodzi. Ba Magdalene analitola n'kulitembenuza. Anayesa lowola. Kenako anaona kuti kufiirako kukuyenderera.

"Atate a Ketty, taonetsani dzanja."

Amuna awo, Ba Dyton, anali atatola kale lalanje lina. Anakhala pampando wawo wa pakhomo, kadzuwa ka Juni kakuwaomba m'mawondo. Dzanja lamanja linagwira mpeni. Lamanzere, lija linafooka chigwereni ndi BP chaka chatha, linapanikiza lalanje pantchafu. Magazi ankatsika m'chikhatho, kulowa m'juzi.

"Mwadzibaya."

Ba Dyton anayang'ana. Anadabwa ngati dzanjalo ndi lobwereka. Nsonga ya mpeni inali italowa patsinde pa chala chachikulu. Iwo sanamve kanthu.

Mwana wawo Ketty anatuluka m'nyumba atafungatira zovala. Anali akumasula belo la salaula, zovala zakale zochokera kunja, zimene ankapita nazo kumidzi ya ku Chipata kukasinthitsa ndi nyemba ndi mtedza. Anaponya zovalazo pansi. Anang'amba kamalaya kena n'kumanga balalo.

"Nakamba kangati ine?" anatero. "Mpeni uyu uzatibweretsela maliro."

Ku kiliniki anakhala pamzere mpaka dzuwa litafika pamutu. Bandeji kunalibe. Mankhwala otsukira kunalibe. Zaka zimenezo zinthu zinkangosowa. Sopo, mafuta ophikira, ufa, ngakhale mapiritsi a mutu. Nesi anatsuka balalo ndi madzi a mchere n'kubwezerapo nsanza yomwe ija. Anali wotopa, koma wachifundo. Anakokera Ba Magdalene pambali.

"Amai, dzanja losamva ni loopsa kupambana lopweteka. Lelo mwaona magazi. Tsiku lina simuzaona. Chilonda chikavunda, ife tilibe chomupatsani. Mpeni muwachotsele."

Kunena kunali kosavuta.

Mpeniwo unali wopinda, wa m'thumba. Chigwiriro chake chinali chamtengo wakuda, chosalala ndi thukuta la zaka. Ba Dyton anaugula ku Tunduma ali mnyamata, atangoyamba ukondakitala pa mabasi a boma. Unayenda nawo konse. Mongu. Mpulungu. Livingstone. Chipata kosawerengeka. Unadula zingwe za katundu padenga la basi. Unatsegula zitini. Unazula minga m'mapazi a Ketty ali wamng'ono. Dziko litayamba kuuma, mimba n'kumalowa, nsonga yake ndi imene inkaboola mabowo atsopano pa lamba.

Ndipo kalekale unasenda lalanje lina pa mapiri a Manenekela. Tsiku limenelo m'basi munali mtsikana wa ku Katete, ulendo wake woyamba wa ku Lusaka. Msewu unkakhotakhota. Mtsikanayo anagwira pakamwa. Kondakitala anatulutsa mpeni n'kusenda lalanje, khoko lonse likutsika ngati chingwe chimodzi chosaduka. Anam'patsa khokolo.

"Nunkhizani ili, chemwali. Lalanje ndidya ndine."

Mtsikanayo anaseka, nseru n'kuthawa. Dzina lake linali Magdalene.

Kampani ya mabasi itachepetsa antchito, Ba Dyton anabwerera kwawo ku Kalingalinga, mu Lusaka, ndi yunifolomu ndi mpeniwo. Ba Magdalene anayamba kugulitsa malalanje osendasenda m'mbali mwa msewu umene anthu amadutsa wapansi popita kuntchito ku Kabulonga. Iwo ankapikula ku msika wa Soweto, amuna awo n'kumasenda. Matenda atabwera, lilime linalemera. Mwendo unayamba kukoka. Zambiri zinawachoka. Kusenda kokha kunatsala. Kunkachedwa, koma kunatsala.

"Mutenge," Ketty anauza mayi ake madzulo a tsiku lomwe anapita ku kiliniki, akutsuka mbale kuseri kwa nyumba. "Mailo bakangena mu bafa, mutenge."

"Umakhala m'thumba la buluku."

"Manje?"

"Ine sindinapisepo dzanja m'thumba la atate ako. Alangizi anandiuza ndisanalowe m'banja. Ati thumba la mwamuna ndi chipinda chake, sulowamo osaitanidwa. Ngakhale pochapa ndimawapatsa achotse okha."

Ketty anapukusa mutu. "Va kudala ivo, amai. Alangizi banu banamwalila. Ba tate bakali moyo. Musankhe."

M'mawa mwake Ba Magdalene anapereka madzi ofunda ku bafa ya masaka kuseri. Anathandiza amuna awo kukhala pa kampando, n'kutuluka. Buluku linali litapachikidwa pa msomali, panja. Anaima pamenepo kanthawi. Madzi ankamveka kukhavuka mkati. Anapisa dzanja.

M'thumbamo munali mukadali mofunda. Munali batani, kachingwe, ndi mpeni. Anautenga. Anauika m'chitini cha singano ndi ulusi, pamwamba pa kabati.

Atavala, Ba Dyton anapita pampando wawo. Beseni la malalanje linali pambali ngati masiku onse. Anasisita thumba lamanja. Anafikira lamanzere movutikira. Anabwerera lamanja. Kenako anayamba kuwerama kuti asuzumire pansi pa mpando. Ba Magdalene sanathe kupirira.

"Musavutike. Ndasunga ine."

Ba Dyton anaweramuka pang'onopang'ono. Sanakalipe. Sanafunse. Anangoyang'ana dzanja la akazi awo, lija linalowa m'thumba. Kenako anakoka mpando n'kuutembenuzira kukhoma.

Masiku otsatirawo nyumba inazizira kuposa Juni.

Ba Magdalene ankasenda okha ndi mpeni wa kukhitchini. Unali waukulu, wa masamba ndi nyama. Malalanje ankatuluka ogumuka, madzi akuchucha, ntchentche zikutsatira. Ba Mainess, mnzawo wogulitsa zitumbuwa pamsewupo, anatola limodzi n'kuliyang'ana uku ndi uku.

"Ba Magi, aya yamenyana na pusi?"

"Gulitsani zanu, inu."

"Nifunsa chabe. Ba mudala bachita sitalaka?"

Ba Magdalene anangosanja malalanje awo. Madzulo anabwerera ndi theka la beseni.

Koma si malalanje amene ankawasowetsa mtendere. Ba Dyton analeka kumeta ndevu. Chakudya ankachigwira pang'ono n'kukankha mbale. Odutsa ankapereka moni, iwo duu. Kale ankayesetsa kulankhula, mawu akupindika, iwo n'kumadziseka okha. Tsopano sankayesa. Bala linkapola bwino. Munthu ndiye ankafota. Buluku linayamba kutsetsereka m'chiuno, lamba ali pa bowo lomaliza.

Ketty anayesa zake. Anawapempherera mofuula, mmene amachitira kutchalitchi chawo cha m'kalasi ya sukulu. Anawasankhira jekete labwino m'belo. Tsiku lina anakhala pafupi nawo n'kumasanja zovala, akuonetsa chimodzichimodzi kuti aseke.

"Onani vamene batumiza bazungu, ba tate. Chisote cha ubweya. Nindani angavale ichi ku Petauke? Onani futi." Anakweza golovesi lachikopa, lamanzere, lopanda linzake. "Limozi chabe. Kapena mwine wake anali na dzanja limo..."

Anayang'ana dzanja la bambo ake lili pantchafu, lokulungidwa nsanza. Analowa m'nyumba n'kuponya golovesilo pansi pa bedi.

Madzulo anapeza mayi ake ataima pa kabati, akuyang'ana chitini chija.

"Ni ichi chamene chivuta," anatero Ketty motsitsa mawu. "Baziba kuti uli mu nyumba. Pa Chisanu niyenda ku Chipata. Nizautenga. Pa buliji ya Luangwa nizauponya mu madzi. Bakaziba kuti kulibe, bazaibala."

"Munthu saiwala dzanja lake."

"Dzanja ndiye nifuna kupulumutsa, amai. Mwamvela nesi."

Ba Magdalene anadziwa kuti mwanayo sakunama. Anadziwanso kuti mpeni ukamira mu Luangwa, mpando uja sudzatembenukanso.

Lachinayi m'mawa sanapite kumsewu. Anatsitsa chitini, anamanga mpeni pa nsonga ya chitenje, n'kupita kwa Cephas. Cephas anali mnyamata wowotcherera zitsulo, wa mageti ndi mbaula, nyumba zingapo kuchokera kwawo. Anam'peza atakhala pa chitseko chachitsulo chosatha, akusewera dirafuti ya zitsekerero za mabotolo ndi mnzake.

Ba Magdalene anamasula mpeni. Cephas anakweza manja m'mwamba.

"Ba mai, nalakwa chani?"

"Leka masewera. Ndikufuna uchotse nsonga iyi. Ukhale wosenda, osati wobaya."

Cephas anaulandira, nautsegula, naliza kakhweru. "Wa ba mudala uyu. Malaiti kulibe kuchokela mailo, ba mai. Olo yanaliko, gilayinda yanga ni ya mageti. Aka kangapye. Chisulo chikapya chimafewa, chikhala monga sipuni." Anafufuza m'bokosi n'kutulutsa tupa, chitsulo chokhakhala chopalira zitsulo zinzake. Mano ake anali atatha pakati. "Tengani iyi. Mupale chabe pang'ono pang'ono mpaka nsonga isile. Koma mubweze. Ni imozi, na mu mashopu mulibe."

"Ndipale bwanji?"

"Monga mamba ya nsomba. Ine mipeni siniziba maningi, ba mai. Funsani beneke."

"Eni akewo salankhula."

Anabwerera. Anadutsa chakuseri kuti amuna awo asawaone. Anakhala pa njerwa pafupi ndi bafa, n'kutsegula mpeni.

Moyo wawo wonse Ba Magdalene ananola mipeni pa simenti ya pakhomo. Ankadziwa chinthu chimodzi: mpeni umakhudzidwa kukamwa, mbali yakuthwa. Choncho anaika tupa kumeneko, pafupi ndi nsonga, n'kuyamba kupala chokweza. Chitsulo chinalira. Fumbi lakuda linagwera pa chitenje. Anapala mpaka phewa linawawa. Anasintha dzanja. Anapalanso.

Ataima kuti aone, mpeni unali utafupika ndithu. Koma nsonga sinathe. Inangosamuka. Inali itakwera kumsana kwa mpeni, yaifupi, yolusa kuposa kale.

Anaupinda kuti apume. Pouika pamwendo, unawaluma chala.

Anauyang'anitsitsa. Kale ukapindidwa nsonga inkabisala m'chigwiriro. Tsopano inatsalira kunja, ngati dzino lotuluka pakamwa potseka. Anaufinya ndi manja awiri. Sinalowe. Kadontho ka magazi kanaima pa chala chawo.

Mpeni umene unkabaya uli wotsegula tsopano unkabaya uli wotseka. M'thumba la munthu wosamva mbali imodzi, ukanang'amba ntchafu iye osadziwa.

"Safunsa anadya phula," anadziuza. Anaika tupa pansi. Maso anadzaza. Anaona buliji ya Luangwa, ndi dzanja la Ketty pawindo la basi.

Ndodo inagogoda pansi kumbuyo kwawo.

Ba Dyton anaima pangodya ya nyumba, phewa atatsamira khoma. Anali atamva kulira kwa chitsulo. Munthu amadziwa mawu a chinthu chake. Anatambasula dzanja.

Ba Magdalene anaimirira. Anaupereka ndi manja awiri, maso ali pansi.

"Ndauwononga. Ndimati ndichotse nsonga kuti ndikubwezereni. Ketty akufuna kukautaya mawa."

Ba Dyton anayendetsa chala chachikulu pa chigwiriro mpaka chinakumana ndi kadzino kaja. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anatsetsereka n'kukhala pa njerwa. Analoza kuti akazi awo autsegule. Atautsegula, anagogoda ndi chikhadabo pamsana pa mpeni, mbali yosathwa.

"Apa," anatero. Liwu linatuluka lolemera, ngati chitseko chadzimbiri. "Kumsana. Osati kukamwa."

Ndi chikhadabo chomwecho anajambula mzere wokhota, kuchokera pamsana kutsikira kukamwa. Ba Magdalene anaona. Ukapala kukamwa, nsonga imakwera n'kutuluka. Ukapala kumsana, imawerama n'kulowa m'nyumba mwake.

"Kufunsa," anatero Ba Dyton.

"Ndifunse ndani? Inu mwakhala mukucheza ndi khoma."

Theka la pakamwa pa Ba Dyton linagwedezeka. Silinali seko lenileni. Koma linali loyamba.

Ba Magdalene anathamangira m'nyumba kukatenga kampando kathabwa, kamene kanali ndi mng'alu pakati. Analowetsa kukamwa kwa mpeni mu mng'aluwo, msana uli m'mwamba. Anakulunga chigwiriro ndi nsanza n'kuchigwira ndi manja onse. Amuna awo anatola tupa. Asanayambe, anaibwezanso pansi.

"Dikirani."

Anamasula lamba ndi dzanja limodzi, n'kumuyala pa kampandoko. Anazula mpeni mu mng'alu. Ba Magdalene anamvetsa, ndipo anapanikiza lambayo mbali zonse. Nsonga inalowa m'chikopa, kuseri kwa mabowo ena onse amene inaboola zaka zapitazo. Ba Dyton anaipotokola. Bowo linatseguka, laling'ono, loyera.

"Lomaliza," anatero.

"Limeneli simulivala nthawi yaitali. Lero mudya."

Anabwezera mpeni mu mng'alu. Ntchito inayamba.

Ba Dyton ankakankha tupa kupita kutsogolo, n'kuinyamula, n'kuibweza, n'kukankhanso. Osati uku ndi uku ngati wopala nsomba. Ankapuma pafupipafupi. Thukuta linatsika m'ndevu zosameta. Dzanja litatopa, anasinthana. Iwo anagwira chigwiriro, akazi awo tupa. Ba Magdalene akapendeka, ankamva "a-a". Akalondola, ankamva "ee".

"Mwayambanso ukondakitala," anatero Ba Magdalene. "Munthu akuyendetsa, inu mukumenya chitseko."

"Dalaivala woipa."

"Dalaivala waulere. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, atate a Ketty. Gwirani zolimba."

Tupa inali yotha, chitsulo chinali chabwino. Zinthu ziwirizi sizigwirizana msanga. Dzuwa linadutsa pamutu. Ana a sukulu anabwerera. Kwa Cephas gilayinda inalira mwadzidzidzi, malaiti atabwera, kenako inazimanso. Beseni la malalanje linakhala pakhomo tsiku lonse, lovundikira ndi saka.

Nthawi ndi nthawi ankazula mpeni n'kuupinda. Kadzino kankachepa. Kanatsala ngati njere ya mpunga. Kenako ngati ya therere. Ba Dyton ankayendetsa chala, n'kupukusa mutu, n'kuubwezera.

Pakati pa ntchitoyo Ba Magdalene analankhula osakweza maso.

"Za thumba lija. Sindinafune."

Tupa inali m'manja mwa amuna awo. Inaima pang'ono.

"Batani," anatero Ba Dyton. "Munasiya."

"Ndikanatenganso batani?"

"Wakuba waulesi."

Ba Magdalene anaseka mpaka anapukuta m'maso ndi chigongono, manja osasiya chigwiriro.

Mthunzi wa bafa utafika pamapazi awo, anaupindanso. Unatseka ndi kaphokoso kake kakale. Chala cha Ba Dyton chinayenda kuchokera kumutu mpaka kumapeto. Sichinakumane ndi kanthu.

Anasamukira pakhomo. Ba Magdalene anathira madzi pa simenti, amuna awo n'kukhuza mphuno ya mpeniwo mozungulira mpaka makhakhala a tupa anatha. Kenako ananola kukamwa kumene kunagumuka m'mawa. Atamaliza anaukweza padzuwa. Unali utafupika ngati ndi mfundo ya chala. Kutsogolo kunali kobulungira, kowerama, ngati mphuno ya nkhosa. Sunalinso mpeni wa ku Tunduma. Ba Dyton anauyang'ana mmene munthu amayang'anira mnzake wotuluka m'chipatala.

"Wakalamba," anatero.

"Wafanana ndi mwini wake. Mano atha, koma pakamwa pakugwira ntchito."

Ketty anawapeza pamenepo. Ankachokera pamzere wa ufa, kathumba kali pamutu, fumbi mpaka m'mawondo. Anaona mpando utayang'ananso kumsewu. Anaona chimene chinali m'dzanja la bambo ake. Anatsitsa kathumbako pang'onopang'ono.

"Amai."

"Taona kaye."

"Tinapangana."

"Sitinapangane. Unanena wekha. Taona kaye."

Ba Dyton anam'patsira mpeniwo, chigwiriro kutsogolo. Ketty anaulandira. Anayang'ana mphuno ija. Anaikanikiza pachikhatho chake, poyamba mwamantha, kenako mwamphamvu. Inasiya kadzenje koyera kamene kanabwerera msanga. Anaupinda, nautsegula. Kenako anayendetsa chala m'mbali mwa kukamwa kwake.

"Uku kukali kucheka," anatero.

Zinali zoona. Mpeni wosacheka susenda lalanje.

"Lalanje likatelela, sikubaya manje, ni kucheka. Dzanja ni lija lamene silimvela. Mwachinja chani?"

Ba Magdalene anatsegula pakamwa, koma amuna awo anawatsogolera. Analankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse akulikoka ngati katundu wolemera kuchokera padenga la basi.

"Ketty. Ine sindinafe. Ndisende."

Ketty anawayang'ana. Ndevu zoyera. Juzi lodzaza fumbi la chitsulo. Lamba womangidwa pa bowo latsopano. Anatembenuka n'kulowa m'nyumba ndi mpeni womwewo.

Ba Magdalene anafuna kumutsatira. Ba Dyton anawagwira chitenje. M'katimo munamveka kukoka kwa zinthu. Sutukesi. Beseni. Ketty akutsokomola ndi fumbi.

Anatuluka ndi golovesi lija. Analikuntha pa bondo. Anagwada patsogolo pa bambo ake, natenga dzanja lamanzere, n'kuyamba kuliveka. Zala zinali zopindika, zosamvera. Anaziwongola chimodzichimodzi, n'kumalowetsa. Chikopa chinali chokhuthala, chopangidwira chisanu cha maiko ena. Chinakwana.

"Osasenda kopanda ichi," anatero, osakweza mutu. "Olo kupye bwanji. Mwamvela, ba tate?"

"Ee."

Anaika mpeni m'dzanja lawo lamanja n'kutseka zala zawo ndi zake. Kenako anatembenukira mayi ake.

"Mukaona bavula, mutenge futi."

"Ine m'thumba sindilowanso," anatero Ba Magdalene. "Ndizipempha. Akakana, ndizikhala pamenepo mpaka atope nane."

"Bazatopa. Ine nimatopa."

Ba Magdalene anavundukula beseni n'kusankha lalanje lalikulu. Analiika m'golovesi. Chikopa chinaligwira bwino kuposa mmene khungu linkachitira. Popanda nsonga, poyambira panavuta. Ba Dyton anayesa, mpeni n'kuterereka. Unagunda chala cha golovesi n'kusiya kamzere. Ketty anakoka mpweya. Anayesanso, ndi pakati pa mpeni. Unalowa. Khoko linayamba kutsika. Linaduka. Anayambanso pomwepo. Linadukanso.

Lalanje loyambalo linatuluka lokhala ngati la Ba Magdalene. Analigawana atatu. Madzulo amenewo Ba Dyton anamaliza mbale yawo.

Lachisanu Ketty anadzuka kukadali kamdima. Anamanga mitolo yake ya salaula. Potuluka anapeza bambo ake ali kale pampando, jekete lija lili m'mapewa, golovesi kumanzere. M'beseni munali malalanje angapo oyera, osalala. Ba Magdalene ankawasanja.

"Nayenda, ba tate."

Ba Dyton anakweza dzanja kuti adikire. Anali pakati pa lalanje lina. Khoko linkatsika, likuzungulira, likutalika. Linafika pa bondo. Linaduka litatsala pang'ono kutha. Anadina lilime. Anatola chidutswa chachitalicho n'kupatsa mwana wawo.

"Manenekela," anatero.

"Ine sinisanza mu basi, ba tate. Nayenda kangati njila iyi?"

Koma anachikulunga pa chala n'kuchiika m'thumba la siketi. Anatambasula dzanja.

"Nanga lalanje?"

"Ndidya ndine."

Ba Magdalene anaweramira m'beseni, mapewa akugwedezeka. Ketty sanadziwe chimene chinawaseketsa. Anasenza mtolo n'kulowa m'njira ya ku basi.

Loweruka linali tsiku lochapa. Sopo anali kachidutswa, wongokwanira makolala. Ba Magdalene anasonkhanitsa zovala. Ponyamula buluku la amuna awo, thumba lamanja linalemera n'kugunda mwendo wa bedi. Anaima. Analipinda pamkono, natuluka nalo mpaka pakhomo.

"Atate a Ketty. Chotsani zanu."

Ba Dyton anapisa dzanja. Anatulutsa batani, kachingwe, ndi mpeni. Ziwirizo anaziika pawindo. Mpeni anautsegula, n'kukokera beseni pafupi.